Kalata yotseguka kwa atsogoleri a CARICOM: amangireni ziliza amene anamanidwa manda

Olemekezeka atsogoleri a maboma a m'bungwe la CARICOM la maiko a ku Caribbean, nduna zoona za chikhalidwe, ndi inu a komiti yoona za chipukuta misozi cha ukapolo imene akuitsogolera a Sir Hilary Beckles,

Ndikulemba kalatayi ndili kuno ku Malawi, kumene ndimaphunzitsa mbiri yakale pasukulu ina ya sekondale, ndipo ndikudziwa kuti mlendo salankhula pabwalo la eni ake asanapemphe malo. Ndikupempha malowo chifukwa maliro amene ndikufuna kunenawa ifenso anatikhudza. M'zombo za Afalansa zimene zinkanyamula anthu ku Mozambique kupita nawo ku Saint-Domingue (kumene lero ndi Haiti) m'zaka za m'ma 1780, komanso m'zombo zimene zinkachoka ku Quelimane kupita ku Cuba m'zaka za m'ma 1800, munali Amakua, Ayao ndi Amaravi. Ambiri mwa makolo anu anachokera kumadzulo ndi pakati pa Africa, zimenezo n'zoona, koma ena ndithu anatuluka m'midzi ya kuno kwathu, ndipo sanabwerenso.

Chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa ukapolo ndimawauza ophunzira za atsogoleri a akapolo oukira: Cuffy wa ku Berbice (dera la Guyana ya lero), Tacky ndi Sam Sharpe a ku Jamaica, Bussa wa ku Barbados ndi Tula wa ku Curaçao. Tsiku lina mtsikana wina wa fomu 3 anakweza dzanja n'kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga Cuffy ameneyo ankaoneka bwanji?" Ndinatsegula mabuku amene ndinali nawo patebulo. Nkhope za mafumu a ku Ulaya zinalimo, nkhope ya William Wilberforce, Mngelezi wolimbana ndi malonda a akapolo, inalimo, koma ya Cuffy, munthu amene anagwedeza ulamuliro wa Adatchi kwa chaka chathunthu munalibe, chifukwa palibe amene anamujambula ali moyo. Ife kuno tili ndi mwayi pang'ono pa John Chilembwe, popeza chithunzi chake cha mu 1914 chinapulumuka, ndipo n'chimene Samson Kambalu anatsatira poumba chiboliboli chija chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Ngwazi zanu zambiri sizinasiye chithunzi, ndipo choopsa koposa n'chakuti sizinasiye manda.

Kusowa kwa mandako kunachita kukonzedwa. Tacky ataomberedwa mu 1760, mutu wake unadulidwa n'kuzikidwa pamtengo ku Spanish Town. Mutu wa Boukman, mtsogoleri wa kuukira kwa ku Saint-Domingue, unaonetsedwa pabwalo ku Cap-Français mu 1791. Pa 3 Okutobala 1795 Tula anathyoledwa mafupa ndi chitsulo pamalo otchedwa Rif, anawotchedwa kumaso, anadulidwa mutu, ndipo thupi lake linatayidwa m'nyanja. Quamina, dikoni wa tchalitchi cha Bethel ku Demerara (dera linanso la Guyana), atawomberedwa kutchire mu Seputembala 1823, mtembo wake unapachikidwa ndi maunyolo m'mphepete mwa msewu kutsogolo kwa esiteti ya Success kuti aliyense wodutsa azionerera mmene ukuwolera. Atsamunda ankadziwa bwino lomwe kuti kwa munthu wa ku Africa imfa simathera pa kuleka kupuma, ankadziwa kuti wakufa amafunika kusambitsidwa, kuliridwa ndi kuikidwa m'manda ndi abale ake, ndipo anasankha kulanga anthuwa kachiwiri powamana zonsezi.

Kwathu kuno munthu akaikidwa m'manda, pakapita nthawi abale amasonkherana ndalama, kugula simenti ndi mchenga, n'kumanga chiliza. Pa tsikulo amayi amaphika, ena amafulula thobwa, achinyamata amalambula udzu kuzungulira manda, ndipo mkulu wa banja amatchula dzina la malemu mokweza, n'kuwafotokozera ana amene anabadwa pambuyo kuti wagona apayu anali yani ndipo iwo akumutchula kuti chiyani. Pempho langa kwa inu lagona pamenepa. Ziboliboli ndi zipilala za atsogoleri a akapolo oukira muzione ngati ziliza za anthu amene anamanidwa manda, ndipo muzichitire zimene banja lolongosoka limachitira chiliza. Chokongoletsera mzinda chimaikidwa paliponse pamene pali mpata, ndipo chikatha anthu amangochichotsa. Chiliza chili ndi malo ake, chili ndi maina ake, ndiponso chili ndi ochisamalira.

Ndisanadandaule, ndiyambe ndathokoza, chifukwa amisiri anu anagwira kale ntchito imene mabuku analephera. Pa Square of the Revolution ku Georgetown, likulu la Guyana, paima chiboliboli cha mkuwa cha Cuffy chimene anaumba Philip Moore, chimene chinavundukulidwa pa 23 Meyi 1976 pokumbukira kuukira kumene kunayamba pa 23 Febuluwale 1763. Moore sanayese kupeka nkhope yosalala yoti anthu aziti Cuffy ankaoneka chonchi. Anaumba munthu wa milomo yotukula mokana kugonja, wokhala ndi nkhope ina pachifuwa ngati chishango ndi nkhope zinanso pantchafu, ndipo m'manja mwake akukanyanga pakhosi nkhumba ndi galu, zimene zikuimira umbuli ndi dyera. Anthu ena amati n'chonyansa. Ine nditaonetsa chithunzi chake m'kalasi, mnyamata wina wochokera ku Dedza ananena mwakachetechete kuti chikufanana ndi zilombo za kudambwe, ndipo ndinaona kuti wamvetsa kuposa akuluakulu ambiri, pakuti chimene Moore anaumba ndi mzimu wa kholo umene wabwerera pakati pa amoyo utavala nkhope zambiri. Munthu amene chikumuimirayo analembera kalata bwanamkubwa wa Adatchi, Van Hoogenheim, akudzitcha yekha bwanamkubwa, n'kumuuza kuti agawane dziko la Berbice pakati, azungu atenge kumunsi, anthu akuda akhale kumtunda. Munthu wotere sakanakwanira m'chiboliboli chofatsa.

Ku Port-au-Prince, likulu la Haiti, Albert Mangonès anaumba Nèg Mawon, kapolo wothawa wopanda dzina, atagwada ndi bondo limodzi, unyolo woduka uli kumwendo, chikwanje chili m'dzanja, akuliza chigoba cha nkhono ya m'nyanja kuitana anzake. Chivomezi cha mu 2010 chitagwetsa nyumba ya mtsogoleri wa dziko pafupi pomwepo, iye anatsala chilili, ndipo anthu osowa pokhala anamanga zisakasa zawo momuzungulira. Ku Curaçao, Nel Simon anaimika chiboliboli chotchedwa Desenkadená mu 1998 pa Rif pomwe Tula anaphedwera. Ameneyu anachita bwino koposa pa nkhani ya malo, ndipo mpake kuti chaka ndi chaka pa 17 Ogasiti, tsiku limene kuukira kwa Tula kunayamba, anthu amasonkhana pamenepo.

Nkhani ya malo imeneyi ndi imene ikundivutitsa mtima kwambiri. Mu Ogasiti 1823 akapolo oposa 10,000 anaukira ku Demerara motsogozedwa ndi Jack Gladstone ndi bambo ake Quamina. Iwo anatsekera azungu ambiri m'matangadza osawapha, koma asilikali anawombera anthu ambirimbiri pa Bachelor's Adventure, ndipo ena ananyongedwa pa Parade Ground mumzinda wa Georgetown, mitu yawo n'kuzikidwa pamitengo. Chipilala chowakumbukira, chimene anaumba Ivor Thom, chinavundukulidwa mu 2013 m'mphepete mwa khoma lotchinga nyanja, ngakhale magulu a anthu akuda a ku Guyana anachonderera kuti chimangidwe pa Parade Ground pomwe magazi anakhetsedwa. Sindikunyoza ntchito ya mmisiriyo, ndipo sindikunena kuti chipilalacho chigumulidwe. Ndikunena kuti ngongole ya pa Parade Ground sinabwezedwe, ndipo boma la Guyana likhoza kuibweza poimika pamenepo mwala wolembedwa maina a onse amene ananyongedwa. Ku Britain anthu anamulira m'busa John Smith, mzungu wa tchalitchi cha Bethel chija, amene anafera m'ndende mu Febuluwale 1824, n'kumutcha wofera chikhulupiriro, pamene akhristu a mumpingo mwake amene anafera pachingwe sanawatchule n'komwe. Musalole kuti dothi la ku Georgetown lipitirize tsankho lomweli.

Ku Barbados vuto lake ndi lina. Chiboliboli chimene Karl Broodhagen anaumba, chimene chinaimikidwa mu 1985, chimaonetsa mwamuna atakweza manja kumwamba maunyolo oduka akulendewera, ndipo ngakhale dzina lake la boma ndi la kumasulidwa kwa akapolo, anthu wamba anachipatsa okha dzina lakuti Bussa. Chimenechi n'chinthu chokoma, pakuti zikuonetsa kuti anthu anali ndi njala ya dzina. Koma chiboliboli chimenechi chili pakati pa raundabauti ya msewu waukulu ku Haggatt Hall, pomwe galimoto zimazungulira usana ndi usiku, ndipo mphunzitsi sangaimike ana 40 pamenepo kuti awafotokozere modekha. Komanso mawu ena olembedwa patsinde pake ndi a nyimbo ya mu 1838 yotamanda Mfumukazi Victoria. Chomwechotu munthu amene anafa akumenya nkhondo mu Epulo 1816, pamene anzake 144 ananyongedwa pambuyo pake, waimikidwa pamwamba pa mawu othokoza banja lachifumu la omupha. Munachita bwino kuchotsa chiboliboli cha Horatio Nelson, mkulu wa asilikali a panyanja a Britain, pa 16 Novembala 2020, chitakhala pakati pa Bridgetown kuyambira mu 1813. Tsopano pitani ku St Philip, pa esiteti ya Bayley's pomwe Bussa ankagwira ntchito, mukakonze malo oti munthu angafikepo wapansi, kukhala pansi ndi kulira.

Chiliza chopanda dzina ndi mulu wa simenti chabe. Ku Montego Bay, pabwalo lomwe Sam Sharpe ananyongedwera pa 23 Meyi 1832, kuli ziboliboli zimene anaumba Kay Sullivan zomuonetsa atagwira Baibulo akulankhula ndi anthu, ndipo chapafupi pali chipilala cholembedwa maina a amene anaweruzidwa pa kuukira kuja kunayamba pa 27 Disembala 1831. Anthu oposa 300 anaphedwa ndi makhoti a atsamunda pa nthawiyo. Chitsanzo chimenechi chifalikire m'zisumbu zonse, chifukwa maina alipo. Amene anawazenga milandu ankalemba zonse mosamala, ndipo ku The Hague, ku Netherlands, kokha kuli zolembedwa za mafunso amene anafunsidwa anthu pafupifupi 900 a ku Berbice. Maina amene analembedwa m'kaundula wa olakwa achotsedwe m'menemo, alembedwe pamwala ndi dzanja la adzukulu awo. Ndi ntchito yotsika mtengo poyerekeza ndi mkuwa, imangofuna akatswiri a mbiri ochepa, osema miyala, ndi mtima.

Mukamatola mainawo musawasiye amayi. Nanny wa ku Moore Town, mtsogoleri wa akapolo othawa ku Jamaica, munamulemekeza mu 1975, ndipo nkhope imene amisiri anamupangira ili pa ndalama ya madola 500 ya ku Jamaica. Solitude, amene ananyongedwa ku Guadeloupe pa 29 Novembala 1802 patangopita tsiku limodzi chibadwire mwana wake, ali ndi chiboliboli chimene anaumba Jacky Poulier ku Les Abymes kuyambira mu 1999, chomuonetsa ali woyembekezera, manja ali m'chiuno. Carlota amakumbukiridwa pa Triunvirato ku Matanzas, m'dziko la Cuba, pomwe anatsogolera kuukira mu Novembala 1843. Nanga Nanny Grigg, mayi wa pa esiteti ya Simmons ku Barbados amene ankadziwa kuwerenga, amene anauza anzake kuti ufulu adzaupeza pokhapokha ataumenyera nkhondo monga anachitira a ku Saint-Domingue, bwanji sakudziwika monga Bussa? Nanga Breffu wa pa chisumbu cha St John mu 1733? Amene anaphika chakudya cha ankhondo, kunyamula mauthenga pansi pa madengu ndi kubisa othawa anali amayi, ndipo chingwe sichinawasiye.

Pali chinthu china chimene ndikufuna kuti nduna za chikhalidwe zichiganizire mofatsa, ndicho chakuti oukirawo analinso amisiri. Ankhondo a Bussa ananyamula mbendera zojambulidwa ndi manja, zokhala ndi zithunzi za anthu akuda atavala zachifumu, zombo zankhondo ndi mawu olimbikitsa, ndipo zojambula zotengera mbenderazo zikusungidwa ku Kew, ku London. Ku Havana, José Antonio Aponte, mfulu yakuda imene inali kalipentala ndi wosema, anali ndi buku la zithunzi zopanga yekha, momwe munali mafumu a ku Ethiopia ndi asilikali akuda akugonjetsa azungu, ndipo ankalionetsa kwa anzake powakonzekeretsa kuukira kwa mu 1812. Omuzenga mlandu anatha masiku atatu akumufunsa tanthauzo la chithunzi chilichonse, kenaka anamunyonga pa 9 Epulo, mutu wake n'kuuika m'chikwere chachitsulo pamphambano. Bukulo linasowa, chotsala ndi mayankho ake okha, ndipo mu 2017 amisiri a masiku ano anatenga mayankhowo n'kujambulanso zithunzizo mwa njira zawo pachionetsero cha ku Miami. Ku Martinique, chimene chinayatsa moto wa kuukira kwa pa 22 Meyi 1848 ndi kumangidwa kwa kapolo wotchedwa Romain chifukwa choimba ng'oma. Ngati burashi ndi ng'oma zinali zida pankhondoyo, ndiye kuti wojambula pakhoma la msika, wosoka mbendera, woimba ng'oma za gwoka ku Guadeloupe ndi woimba ng'oma za tambú ku Curaçao ndi olowa m'malo a ankhondo aja. Thumba la ndalama za zikumbutso liwafikire iwowa, lisamathere kwa oumba mkuwa okha.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu anena kuti zipatala zilibe mankhwala, mphepo zamkuntho zikugwetsa nyumba chaka ndi chaka, ndipo ngongole za maiko anu n'zolemera. Ife kuno mavuto amenewa timawadziwa ndi thupi lathu. Komabe sindinaonepo banja losauka limene linasiya manda a mayi awo osalambula chifukwa chakuti m'nkhokwe mulibe chimanga. Ndiponso ndalama zili ndi kochokera. Mu 1833 nyumba ya malamulo ya ku Britain inavomereza mapaundi 20 miliyoni oti apepesere eni akapolo, akapolowo osalandira kanthu, ndipo ngongole imene boma linatenga pa chifukwa chimenechi inatha kubwezedwa mu 2015. Mu 1825 France inalamula Haiti kulipira mafuranki 150 miliyoni chifukwa chodzimasula yekha. Mfundo khumi za chipukuta misozi zimene munagwirizana mu 2014 zikutchula kale za nyumba zosungiramo mbiri ndi chikhalidwe. Nduna yaikulu ya Netherlands inapepesa pa 19 Disembala 2022, mfumu yawo inapepesa pa 1 Julaye 2023, ndipo m'chaka chomwecho boma lawo linavomereza kuti Tula anali ngwazi. Auzeni kuti wopepesa pamaliro sabwera chimanjamanja. Koma chenjerani kuti wopereka ndalama asasankhe nkhope, malo kapena mawu olembedwa, pakuti tinaona ku Martinique mmene Victor Schoelcher, Mfalansa amene amatamandidwa kuti anathetsa ukapolo, anadzazira misewu, masukulu ndi mabwalo, mpaka achinyamata anagwetsa ziboliboli zake ziwiri pa 22 Meyi 2020 pofunsa kuti makolo awo amene anadzimasula okha ali kuti.

Enanso anena kuti anthuwa anapha, anawotcha nyumba, ndipo sanali oyera mtima. N'zoona, ndipo musabise. Cuffy anakangana ndi mnzake Atta, gulu linagawanika, ndipo iye anadzipha. Amene anawombera Tacky anali Davy, mmodzi wa a Maroon, anthu othawa ukapolo kale, amene anapangana ndi Angelezi kuti azibweza akapolo othawa. Mmisiri waluso akhoza kunyamula zowawa zoterezi osagwa nazo, ndipo mwana amene wauzidwa zoona zokhazokha ndi amene sadzagwedezeka tsiku limene wina adzamuululira zimenezi ndi cholinga chonyoza makolo ake. Pomanga chiliza sitinena kuti malemu analibe cholakwa, timanena kuti anali wathu ndipo anatisiyira moyo umene tili nawo.

Chotsiriza ndi chisamaliro. Chiboliboli cha Queen Mary, mtsogoleri wa antchito amene anawotcha minda ya nzimbe ku St Croix mu 1878, chimene La Vaughn Belle ndi Jeannette Ehlers anaimika ku Copenhagen mu 2018, chinali cha mamita 7 koma chopangidwa ndi zinthu zosalimba, ndipo mphepo ya mu Disembala 2020 inachiwononga. Mkuwa nawonso umadyedwa ndi mchere wa m'nyanja, utoto umasuluka, zilembo zimafufutika. Tsiku lovundukula pamakhala nduna, asilikali oimba malipenga ndi atolankhani, koma mwezi wotsatira sipaoneka ngakhale wa tsache. Lembani m'ndondomeko ya chuma ya chaka chilichonse ndalama zosamalira malo amenewa, ndipo chikumbutso chilichonse muchipereke m'manja mwa sukulu yoyandikana nacho, kuti ana azichisesa ndi kuwerenga maina ake mokweza pa tsiku lake.

Pa 27 Disembala 2031 padzakhala patatha zaka 200 chiyakire moto wa pa esiteti ya Kensington ku Jamaica, umene unayambitsa kuukira kwa Sam Sharpe, ndipo pa 1 Ogasiti 2034 ndi pa 1 Ogasiti 2038 mudzakumbukira zaka 200 za kutha kwa ukapolo m'maiko amene ankalamulidwa ndi Britain. Kufufuza maina, kukambirana ndi anthu a m'midzi za malo, kuchititsa mpikisano wa amisiri ndi kuumba mkuwa zimatenga zaka zingapo. Ndikukupemphani kuti pamsonkhano wanu ukubwerawu nkhaniyi ilowe pamndandanda wa zokambirana, dziko lililonse litchule malo amene anthu ake anaphedwera amene alibe chizindikiro mpaka lero, ndipo ntchito iyambire pa Parade Ground ku Georgetown ndi pa Bayley's ku St Philip.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wa mbiri yakale,
Zomba, Malawi